Ndithandizeni kupeza makolo oti ndicheze nawo kuno ku Mzuzu

Akuluakulu, ndabwera ndi pempho. Ndine wophunzira wa chaka chomaliza ndipo ndikuchita kafukufuku wa momwe banja limakhalira pakhomo pakakhala mwana wochedwa kukhala pansi, kuyenda kapena kuyankhula. Ena vutoli limayamba chifukwa chobanika pobadwa, ena akadwala malungo a mu ubongo kapena chikasu chachikulu ali wakhanda.

Mutuwu sindinautole m'buku ayi. Mchemwali wanga wamng'ono ali ndi cerebral palsy, ulumali wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo. Ali ndi zaka 9, koma mpaka lero amayi amamubereka kumsana pochoka ku Mchengautuwa kupita naye ku chipatala cha St John of God kukalimbitsa thupi. Phala amamumwetsa ndi kasupuni, pang'onopang'ono kuopa kutsamwa, mpaka lizizire m'mbale. Geni yawo ya tomato inaima kalekale. Chowawa koposa ndi manong'onong'o akuti mwanayu anamukhwimira.

Kodi alipo akudziwa gulu la makolo a ana otere lomwe limakumana ku Chibavi, Zolozolo kapena Luwinga? Kaya ndi la PODCAM (bungwe la makolo a ana olumala) kaya la kutchalitchi, ndifika. Amayi ndi agogo ndawapezako, koma abambo akundisowa, chonsecho ndikufunitsitsa kumva mbali yawo.

China, inu odziwa Chitumbuka, ndi mawu ati aulemu otchulira ulumali wotere? Sindikufuna kulasa mtima wa kholo ndi funso langa.

Dzina la munthu sindidzalemba, ndipo wosafuna kuyankha sindimukakamiza. Chonde ndilozereni njira.