Chopalirira chakale cha gudumu limodzi chadya dzimbiri: ndichikonze bwanji, nanga n'chochokera kuti?

Mlimi wa ku Bembeke:

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Sabata yatha tinkasasula denga la kanyumba kosungiramo katundu ka malemu agogo anga aamuna, ndiye pansi pa matumba akale a feteleza ndinapeza chitsulo chachilendo. Kutsogolo kuli gudumu limodzi lopyapyala, kumbuyo mano atatu opindika. Mipini inali iwiri, yamtengo, koma chiswe chinamaliza, kwangotsala mabawuti. Amayi akuti ali aang'ono ankawaona agogo akuchikankha m'dimba la kabichi, anthu n'kumasiya makasu kudzaonerera. Akuti anabwera nacho pochokera ku Joni.

Ndinakanda ndi msomali pa chitsulo chapakati, pakuoneka zilembo "NET JR" ndi "PHILA". Zina zakwiririka. Gudumu silikuzungulira n'komwe. Alamu anga akuti tikachipalitse ndi girayinda kwa owotcherera, mwana wanga akuti tingogulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ine mtima ukukana.

Makaniko wa ku Ndirande:

Bambo, alamu anuwo apatseni thobwa akhale pansi. Girayinda imadya dzimbiri ndi zilembo zomwe, ndipo zilembozo ndiye chiphaso cha chinthucho.

Yambani ndi mabawuti. Sakanizani dizilo ndi oyilo wakale wa injini, muzidontheza pa nati iliyonse m'mawa ndi madzulo kwa masiku anayi kapena asanu. Pomasula, yambani mwalimbitsa pang'ono, kenako bwezani. Manati ake mupeza kuti ndi a makona anayi komanso a mainchesi, sipanala zathu za 13 ndi 17 zizingoterereka. Gwiritsani ntchito bobojani. Hamala ikhale kutali. Zigawo zina za zida zakalezi n'zachitsulo chosungunula, chija cha simbi ya makala: sichipindika, chimangosweka, ndipo kuchiwotcherera kumafuna ndodo zapadera zimene ambiri m'misika sasunga.

Zikamasuka, vikani m'viniga usiku umodzi kapena tsiku lathunthu, musapitirire chifukwa amayamba kudya chitsulo chabwino. Tsukani ndi madzi a soda, kwechani ndi burashi ya waya, yanikani padzuwa, ndipo tsiku lomwelo pakani penti yofiira ija ya red oxide. Mukagoneka, mawa mupeza dzimbiri labwerera. Mano musapente, ingowapakani oyilo.

Nachisale wa ku Leeds, ku England:

Achimwene, mwatola chinthu chodziwika. Zilembo zonse ndi PLANET JR, ndipo "PHILA" ndi Philadelphia, mzinda wa ku America. Kampani yake inali S. L. Allen & Co., ya bambo wina dzina lake Samuel Leeds Allen, amene anabadwa mu 1841 n'kumwalira mu 1918. Dzina la Planet linachokera ku kachida kake kena ka kumunda, kamene kankaoneka ngati pulaneti ya Saturn ndi mkombero wake. Atapanga kakang'ono anangowonjezera Junior (ndiye JR uja), kutanthauza wamng'ono. Bambo yemweyo ndiye anatulukira Flexible Flyer mu 1889, kangolo kotsetserekera pa chipale chofewa, kuti antchito ake asamakhale manja lende nyengo imene zida zaulimi sizikufunika. Banjalo linagulitsa kampaniyo mu 1968.

Ine ndinachidziwira kuno. Pa timinda tobwereka tomwe timalima kunja kwa tauni pali agogo ena achizungu amene amakankha chawo Loweruka lililonse, mzere wa anyezi amaupalira ine ndisanamalize kumanga nsapato.

Mukatsuka mupeza manambala pa chigawo chilichonse. Musawayese chaka, amenewo ndi manambala oitanitsira masipeya. Mukaona "PAT." ndi deti, limenelo ndi tsiku limene boma la America linavomereza umwini wa luso lake, kutanthauza kuti chanucho chinapangidwa pambuyo pa tsikulo, mwina patatha zaka zambiri ndithu.

Mphunzitsi wopuma, Lizulu:

Zokonza zanenedwa kale. Langa ndi limodzi: musakachiyese m'munda wa chimanga. Anachipangira nthaka yosalaza, mbewu zili m'mizere yowongoka ngati chingwe. Pa mizere yathu youndayi gudumu lizingogwera m'khwawa, inu n'kumatukwana agogo anu pachabe. M'dimba mokha, udzu ukadali waung'ono, ndipo mumakankha n'kubweza pang'ono, kukankha n'kubweza.

Mipini pezani mtengo wouma bwino wopanda mfundo. Bulugamu wamuwisi adzakupindikirani mwezi usanathe. Kutalika kwake muyezere m'chiuno mwanu, osati mwa kalipentala.

Mlimi wa ku Bembeke:

Zikomo nonse. Ndabwera ndi lipoti. Manati asanu amasuka, imodzi ndaidula ndi sowo chifukwa inakaniratu. Viniga wa mabotolo atatu anachepa, moti gudumu ndinkaliviika mbali imodzi n'kumalitembenuza mu beseni la mayi a kunyumba, nkhani imene sinathebe mpaka lero. Achemwali a ku Leeds, munalasa: dzina lonse la S. L. Allen latuluka bwinobwino. Gudumu likuzungulira tsopano, koma likugwedera chifukwa bowo lapakati linakula. A ku Ndirande, ndiikemo kapaipi kapena ndisake bawuti yonenepa?