Kodi mbalame zosamukira ku Chilwa amaziwerenga bwanji?

NaBanda: Akuluakulu, kodi ofufuza amadziwa bwanji ngati mbalame zam'madzi, zimene zimathawa chisanu ku Ulaya n'kufika kunyanja ya Chilwa m'dzinja, zikuchepa?

Phiri wa ku Zomba: Mayi, pali kalembera amene anayamba mu 1967, wotsogoleredwa ndi bungwe loteteza madambo la Wetlands International, ndipo amachitika mu Januwale m'mayiko ambiri panthawi imodzi, kuti mbalame yosamuka isawerengedwe kawiri.

Mbewe: Bambo Phiri anena zoona, koma chiwerengero cha Chilwa chokha chimasocheretsa, chifukwa nyanjayi ikaphwa, monga mu 1995, mbalame zimapita kumadambo ena. Ndiye ofufuza amayerekezera malo ambiri kwa zaka zambiri.

Jere: Enanso amaveka mbalame timphete kumwendo, ndipo kamphete kakapezeka, amadziwa kumene mbalameyo idachokera.