Lekichala akundivutitsa, ndikadandaule kwa ndani?

Wachaka3:
Anzanga ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Ndili chaka chachitatu ku yunivesite ndipo pali lekichala wina amene wakhala akunditumizira mameseji pa WhatsApp usiku, poyamba zinali za asayimenti kenako wayamba zoti ndizipita ku ofesi kwake anthu onse akaweruka tikakambirane za magiredi anga. Nditakana mayeso apitawa wandipatsa 38 chonsecho ndinalemba bwino zedi. Ndikuopa kuti ndikayankhula andilepheretsa kosi yonse.

Mlongowanu:
Pepani achemwali, inu simunalakwe chilichonse. Musafufute meseji olo imodzi, jambulani masikirinishoti nambala yake ndi deti zikuoneka bwinobwino, muzitumize ku imelo yanu kuti foni ikabedwa umboni usapite nawo. Muzilembanso m'kabuku kuti tsiku lakuti anati chakuti ndipo panali uje. Mukatero lembani kalata kwa Dean of Students (mkulu woona za ophunzira) kapena ku ofesi yoona nkhani za jenda ngati ilipo, osangokanena pakamwa ayi chifukwa zapakamwa mawa amakana kuti sitinamve, kope imodzi akudindireni sitampa muisunge nokha. Ku ofesi kwakeko musapitenso nokha.

Wapanjinga:
Ine yanga inali ya tsankho. Ndimayendera njinga ya olumala ndiye kalasi yathu anaiika m'chipinda cham'mwamba mopanda chikepe, nditadandaula wina anandiyankha kuti anzanga azindinyamula. Zinandiwawa koopsa. Chomwe chinandithandiza nkupita limodzi ndi a bungwe la ophunzira, nkhani ikakhala ndi mboni saikankhira pansi pa tebulo mwachisawawa. Za 38 zija pemphani kuti pepala lanu lichongedwenso ndi munthu wina, koma fulumirani poti apilo ya magiredi imakhala ndi masiku ake.

Nesi_wausiku:
Ndiwonjezere ichi, ngati anakugwiranipo thupi kapena kukukakamizani zogonana imeneyo si nkhani ya pasukulu pokha, ndi mlandu wa kupolisi. Ndipo kuchipatala musachedwe, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.

Wachaka3:
Zikomo nonse, sanandigwire koma mameseji ndili nawo onse kuyambira semesita yatha. Ndauzako mnzanga wa m'kalasi ndipo akuti nayenso anamutumizirapo zomwezo, kalata tilemba usiku uno mawa tipita tonse awiri.