Kompyuta yokonzera mavidiyo a maukwati: ndigule iMac kapena ndikhalebe ndi bokosi?

Bambo a Tadala, Kasungu boma:

Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno kwathu, nthawi zina mpaka ku Santhe ndi ku Nkhamenya. Kwa zaka zinayi ndakhala ndi kompyuta ya bokosi, yolumikiza sikirini payokha, masipika paokha, zingwe mbwee kuseri kwa tebulo. Mu Okutobala fumbi linadzaza m'mafani, graphics card (khadi yoyendetsa zithunzi ndi mavidiyo m'kompyuta) inapsa ndili pakati pa ntchito. Vidiyo ya ukwati ndinakapereka patatha masabata atatu, mayi a mkwatibwi akundiimbira m'mawa ndi madzulo. Manyazi amenewo sindikufuna kuwaonanso.

Mtima wanga wagwa pa iMac, kompyuta ya kampani ya Apple, ya mainchesi 24 yokhala ndi chipu (ubongo wa kompyuta) cha M1, imene inatuluka mu 2021. Zonse zili mu sikirini momwemo, ndipo sikiriniyo ndi ya 4.5K, mitundu ya zitenje imaoneka monga ilili. Koma chondikoka kwambiri ndi magetsi. Adaputa yake ndi ya mawati 143, pamene khadi ya RTX 3060 imene ndimati ndigule imadya 170 payokha, bokosi lonse tisanaliwerengere. Magetsi akazima ndimadalira sola ndi batire imodzi. Kodi ndikuganiza bwino?

Nachisale, Mchinji:

Achimwene, gulani. Ine ndili nayo chaka chachiwiri, ndimakonzera mavidiyo a makwaya. Ndimaikulunga m'bulangete, kukwera nayo galimoto mpaka ku Kamwendo, kukaonetsa oimba pomwepo kuti asankhe okha zoti tichotse. Bokosi simunganyamule chotero. Phokoso ilibe, mwana amagona ine ndikugwira ntchito usiku.

Chimodzi chokha: musagule ya 8GB ngakhale akutsitsireni mtengo. RAM yake, memori yogwirira ntchito imene ndikunenayi, ndi yomatirira, simudzawonjezera mpaka kalekale. Funani ya 16GB, pomwepo ndi pothera pa M1. Polowetsa SD card palibenso, mugule kowerengera kapadera, ndi SSD yakunja yosungira mavidiyo.

Mjomba wa Mafoni, msika wa Kasungu:

Bambo a Tadala, ine ndine wokonza, ndiye ndilankhula zimene ndimaona pa benchi langa. Khadi yanu itapsa, munangochotsa khadiyo, sikirini ndi hard drive zinatsala zamoyo. iMac ikagwa galasi n'kusweka, kapena bodi ikapsa ndi mphenzi ya mu Disembala, ntchito yonse yaima. Galasi lake ndi lomata ndi guluu, kulitsegula kumafuna zida zake, ndipo sipeya simungaipeze pano. Mudzapita ku Lilongwe, mwinanso kudikira kuti ichokere ku Johannesburg. Masabata atatu aja akhoza kukhala miyezi iwiri.

Za fumbi musadzinamize, iMac nayonso ili ndi fani, imakoka mpweya womwewu wa kuno. Bokosi ndimalitsegula n'kulipemerera mphindi khumi. Ngati mwakonda M1 chifukwa cha magetsi, bwanji Mac mini, kabokosi kakang'ono ka Apple kopanda sikirini? Chipu n'chomwecho, sikirini mugwiritsa ntchito imene muli nayo kale.

Bambo a Tadala:

Mjomba, mawu anu ndawamva ndipo ndi oona. Mac mini ndinailingalira usiku wonse. Koma sikirini imene ndili nayoyi ndi imene inandinamiza chaka chatha: diresi loyera linkaoneka bwinobwino kwa ine, pa TV ya eni ake linatuluka lachikasu. Kugula sikirini yabwino payokha ndi ndalama zinanso zambiri, ndiye bola zonse zibwere pamodzi zogwirizana kale. Ndipo kunena zoona, ndatopa ndi kugwada pansi pa tebulo kufufuza chingwe chimene chamasuka. Ndikufuna ndikabwera ku ukwati Loweruka usiku, ndiyatse, ndiyambe kudula.

Bokosi lija sinditaya. Ndiikamo khadi yotchipa likhale podikira tsoka limene mwanenalo. Pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve yaulere imayenda pa makompyuta onse awiri, ntchito ndingathe kuisamutsa. Ndigulanso choteteza ku mphenzi, ndipo amayi a Tadala anena kuti asoka kansalu kophimbira.

Achemwali a ku Mchinji, ngati nanunso mumadalira batire, yanu ndi ya ma-amp angati, ndipo magetsi akazima imakufikitsani maola angati mukutulutsa vidiyo ya 4K? Fodya akagulitsidwa maukwati achuluka, ndikufuna ndikhale nditakonzeka Meyi asanafike.