CD4 yatsika mwa wodwala lupus, tiwonjezere prednisolone?

Clinical officer, Chawama: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi wa zaka 29 amene anapezeka ndi lupus (matenda amene chitetezo cha thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo) chaka chatha. Amamwa hydroxychloroquine, azathioprine ndi prednisolone 10 mg. Thupi likutentha sabata yachiwiri tsopano, mfundo zikuwawa, usiku akutuluka thukuta. HIV alibe, malungo alibe. CD4 (maselo a chitetezo a m'magazi) yatuluka 240, CRP (muyeso wa kutupa m'thupi) 96. Kodi lupus yadzuka? Dzanja langa likufuna kukweza prednisolone.

Wa mu labu, Matero: Achimwene, ma lymphocyte onse (gulu la maselo oyera a m'magazi lomwe CD4 ilimo) ali angati pa FBC (kuwerenga maselo a magazi)? CD4 tinaizolowera ku ART (chithandizo cha HIV), n'chifukwa chake ikatsika mtima umagunda, koma kwa mayiyu siikuloza chinthu chimodzi. Lupus imatsitsa ma lymphocyte, prednisolone ndi azathioprine nawonso amatero, TB nayonso chimodzimodzi. Onani peresenti ya CD4. Ikakhala bwinobwino, ndiye kuti atsika onse pamodzi.

Clinical officer: Ma lymphocyte ali 700, peresenti ndi 34.

Dokotala wa akulu, Kabwata: Ndiye musakweze kaye, mwana wanga. Ine chikundidetsa nkhawa ndi CRP ya 96. Lupus ikadzuka ESR (muyeso wina wa kutupa) imakwera, koma CRP kawirikawiri siipita patali, pokhapokha nembanemba yokuta mapapo kapena mtima yatupa. Munthu wa pa mankhwala ofooketsa chitetezo, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, muno mu Lusaka: ganizani TB poyamba. Makhololo apite ku GeneXpert (makina oyezera TB), mupangenso X-ray ya pachifuwa ndi blood culture (kufufuza tizilombo m'magazi).

Za lupus funsani C3 ndi C4 (mapuloteni a chitetezo otchedwa complement) komanso anti-dsDNA (antibody yolimbana ndi DNA ya mwini thupi). Complement ikamatsika anti-dsDNA ikukwera, matenda ali maso. ANA (kuyeza magazi kothandiza kupeza lupus) musabwereze, siitsatira kukula kwa matenda, mungowonongetsa banja ndalama. Pa SLEDAI, mndandanda woyezera kukula kwa lupus, palibe CD4: pali ma white cell osakwana 3,000 ndi ma platelet osakwana 100,000. Nanga mkodzo mwaona?

Clinical officer: Ndangoviika dipstick, a Dokotala. Protein 2+, magazi 2+, ndipo sali kumwezi. BP 148/94.

Wa mu labu: Tumizani mkodzo watsopano, usagone. Ma red cell cast (tizibuma ta maselo ofiira tochokera mu impso) amasungunuka ukakhalitsa. Tipange culture komanso protein-creatinine ratio (kuchuluka kwa protein yotayika mu mkodzo).

Dokotala: Apa impso zalowamo, ndipo lupus ndi TB zikhoza kukhalira limodzi mwa munthu mmodzi. Yezani creatinine ya m'magazi lero kuti muone mmene impso zikugwirira ntchito, brufen ndi diclofenac asamwe ngakhale mfundo ziwawe. Prednisolone asaisiye mwadzidzidzi. Mulembereni kalata ya ku chipatala chachikulu cha UTH apite lero lomwe, zotsatira zonse zikhale m'kalatamo.

Clinical officer: Zikomo, makhololo apita kale. Ndikulemba kalatayo.