Ndithandizeni kasungidwe ka masamba mufiriji

Amayi ndi abambo, ndabwera ndi funso. Ndimakhala ku Area 25. Mwezi wathawu ndinagula deep freezer yakale kwa mnzanga wa kuntchito, cholinga ndizigula masamba ambiri akatchipa kumsika wa Wakawaka n'kusunga, kuti nthawi yosowa ndiwo ndisamavutike.

Ndinayamba ndi nkhwani. Ndinangotsuka, kuduladula, n'kuika mujumbo. Nditaitulutsa patatha masabata atatu, inali yakuda bii, yamadzimadzi, moti ana anaikana ngakhale ndinatendera nsinjiro zambiri. Alamu anga akuti ndinalakwitsa. Akuti masamba amafunika kuwaviika kaye m'madzi owira mphindi 2 kapena 3, kenako m'madzi ozizira kwambiri, kufinya bwinobwino, n'kutulutsa mpweya mujumbomo musanamange. Kodi ndi choncho ndi masamba onse, ngakhale repu ndi bonongwe? Nanga therere ndi zitheba? Matimati ndiphike kaye kapena ndingoika aawisi?

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi. Akazima maola 8, ine osatsegula chivindikiro, zimene zayamba kusungunuka ndingaziumitsenso osadwalitsa ana? Amayi kumudzi akungondiseka kuti ndifutse mfutso basi, koma bambo akunyumba mfutso sadya. Amene munayesapo, ndiuzeni chonde.