Ndithandizeni, AI ikusinthasintha chikwama changa

Moni nonse pagulu pano. Ine ndi telala, ndimasoka zikwama za chitenje ndi chikopa kuno ku Blantyre, nsalu ndimakagula ku Limbe. Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikugwiritsa ntchito AI ya pafoni poonetsa makasitomala mmene chikwama chidzaonekere ndisanadule nsalu, paja chitenje ukadula wadula basi.

Ndikalemba kuti ndikufuna zogwirira ziwiri zachikopa, zipi pamwamba ndi kathumba kamodzi kutsogolo, chithunzi choyamba chimabwera bwino ndithu. Ndikangoti ifupikitse zogwirira, chikwama chonse chasanduka china: kathumba kathawira m'mbali, zipi yasowa. Chondipweteka kwambiri ndi chitenje. Ndimaikamo chithunzi cha nsalu yanga yeniyeni, ya mbalame zachikasu pa buluu, koma iyo imadzipangira maluwa ake oti ku Limbe simungawapeze. Mwezi watha mayi wina anakonda chithunzi n'kupereka dipoziti, pobwera kudzatenga akuti si chimene anaona. Sanalakwe ayi. Cha pachithunzicho chinalibe msoko pansi, ngati chochita kuumba. Ndalama ndinabweza, chikwama chidakali pa shelefu.

Ndipange bwanji kuti izisintha pokhapo pomwe ndaiuza?

Wojambula pa kompyuta, Lilongwe:
Mayi, mawu okha sangakupatseni zimenezo. Mapulogalamu ambiriwa amayamba chithunzi chilichonse ndi timadontho tosokonekera, ndipo chimasankha timadonthoto ndi nambala yotchedwa seed. Seed ikasintha, chikwama chasinthanso. Ngakhale mutaisunga, kusintha mawu kumagwedezabe zina. Chomwe mukufuna ndi ControlNet, chida chopangitsa AI kutsatira mizere yomwe mwailembera. Inatuluka mu 2023 ndipo imayendera limodzi ndi Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi. Lembani chikwamacho ndi bolopeni yakuda papepala loyera, mizere yooneka bwino, muchijambule ndi foni. Mukaika chithunzicho mu ControlNet n'kusankha Scribble kapena Canny, zomwe ndi njira zake zowerengera mizere, AI imatsatira mizere yanuyo, kathumba kamakhala pomwe mwakaika. Za zogwirira ndi ntchito ya inpainting: mumapaka pa zogwirira pokha, kwinako sikukhudzidwa. Palinso denoising strength, muyezo wa mmene AI isinthire chithunzi, imayambira 0 kufika 1. Ngati mukungokonza pang'ono ikani cha m'ma 0.3 kapena 0.4. Mukaikweza kufika 0.8 mwaipatsanso ufulu wopeka zake.

Wofunsa:
Zikomo achimwene. Nanga zimenezi zitheka pa laputopu yakale ya mwana wanga?

Wojambula pa kompyuta, Lilongwe:
Ngati ilibe graphics card (kachipangizo ka m'kompyuta koyendetsa zithunzi) ya kampani ya NVIDIA, ya 6GB kapena 8GB, mudzadikira mpaka magetsi kukuthimirani. Ndiye fayilo ya SDXL yokha, womwe ndi mtundu umodzi wa Stable Diffusion, imapitirira 6GB, bandulo ikhale yokwanira. Alipo mawebusayiti omwe amayendetsa zonsezi pa makompyuta awo, koma ambiri amalipiritsa madola.

Mayi wa zilembo za pamabotolo, Mzuzu:
Asisi, pa nkhani ya chitenje musavutike nayo AI, mbalame zanuzo sidzazikopera ndendende. Ine ndinatopa nayo pa zilembo za mabotolo a uchi. Iuzeni ipange chikwama chotuwira chopanda maluwa. Kenako yalani chitenje pa tebulo, mwachisita bwino, muchijambule muli pamthunzi panja. Tsegulani Photopea, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndi yaulere ndipo imayenda pa browser, ikani nsaluyo pamwamba pa chikwama n'kusankha Multiply. Mithunzi ndi makwinya zimaonekera pansi pa nsalu yanu yeniyeni. Musaiwale kuika tepi yoyezera pambali pojambula, apo ayi mbalame idzaoneka ngati kachala pachithunzi pomwe pansalu ndi yaikulu ngati chikhatho, mkangano wina uyambike.

Telala wamkulu, Zomba:
Ana inu mumakonda kuzungulira. Sokani chimodzi cha mtundu uliwonse ndi nsalu yotchipa, kasitomala achigwire, atsegule zipi, aponyemo foni. Kompyuta siidziwa kuti chikopa chikapindidwa kawiri singano imathyoka.

Wofunsa:
Bambo, zoona zimenezo, koma theka la makasitomala anga ali ku Johannesburg, timangolankhulana pa WhatsApp. Mayi a ku Mzuzu, ndayesa njira yanu madzulo ano. Mbalame zatuluka zanga zenizeni, kungoti nsalu yakwera mpaka pa zipi ndi pa zogwirira. Pamenepo ndimafufuta ndi chiyani?